Mmene Tinkagonjera kwa a Bwezani

Mumzinda uno munadutsa anthu ambiri odzimva, koma munthu amene anasewera tchesi zaka khumi ndi ziwiri m'chipinda chake n'kugonja kamodzi kokha ndi mmodzi basi, malemu a Bwezani a pa hadiweya, sitolo ya zomangira nyumba. Musafulumire kuwomba m'manja. Madala aja tchesi sankayidziwa. Hatchi ankayiyendetsa molondola tsiku limene adzuka bwino, masiku ena inkadumphira kulikonse kumene mtima wawo wafuna. Chida chawo chenicheni chinali pakamwa. Ukasuntha bwino n'kuwapanikiza, ankagogoda bolodi ndi mphete n'kunena kuti, "Bwezani, simunaganize." Anthu ena akalakwitsa amapempha kubweza zawo. Iwo ankakubwezetsa zako, zabwinozo, ndipo dzina lija linachokera pamenepo. Dzina la pa chiphaso ankalidziwa ndi akazi awo ndi a msonkho.

Ine ndimamata mabuku pa malo osindikizira, koma ana amanditchula kuti a Kochi chifukwa ndine amene ndinayambitsa kalabu. Tinayamba ndi mabolodi awiri pakhonde la positi ofesi mpaka mlonda anatithamangitsa. Ndinayenda m'maofesi ndi kalata yopempha thandizo mpaka nsapato inayasamula. Kwina anandipatsa kalendala. Kwina anandijambula ndi bwana wawo n'kundiuza kuti ndibwere chaka chamawa. Bwana wina anandifunsa kuti tchesiyo ili ndi magoli angati. A Bwezani okha ndi amene anawerenga kalata mpaka pansi, n'kukoka kiyi m'thumba, n'kundikweza masitepe a kuseri kwa sitolo yawo.

Chinali chipinda chachikulu cha mawindo awiri, chonunkha penti. Matebulo anatipangira ndi zitseko zimene zinakana kugulidwa, mipando inali zitini za penti zopanda kanthu. Anagula mabolodi khumi ndi mawotchi awiri, magetsi anali awo, ndipo Loweruka lililonse kunkakwera buledi ndi ketulo ya tiyi. Ndinene zoona, zimenezi palibe wina anatichitira. Ana a m'dera lathu akaweruka kusukulu amapeza nyumba yokiya ndi msewu wa magalimoto. Chipinda chija chinkasunga ana makumi anayi kuyambira masana mpaka makolo awo ataweruka. Pakhoma anapachika chithunzi chawo chachikulu atagwira chibwano, ndipo anangopempha kanthu kamodzi, kuti Loweruka masana azikwera kudzasewera ndi mwana mmodzi.

Loweruka lachitatu anakumana ndi kamnyamata ka wometa tsitsi, kosadziwa za dziko. Anakabwezetsa kasanu, koma kanali kouma mutu, kakabweza apa kankawamenyera apo, mpaka mfumu yawo inasowa kolowera. Ana anaseka. A Bwezani sanakalipe. Anatsika masitepe mwakachetechete, ndipo Lolemba tinapeza loko wamkulu pachitseko, wa m'sitolo momwemo, mtengo wake usanamatulidwe. Milungu isanu ndi umodzi ana ankakhala pamasitepe kuyang'ana loko uja. Ine ndinkapita kukauntala tsiku lililonse chipewa chili m'manja, iwo n'kumandifunsa ngati ndabwera kudzagula misomali. Tsiku lina tinangopeza loko wachoka, ndipo ndinadzitamanda kuti mawondo anga agwira ntchito.

Kuyambira pamenepo ndinayamba phunziro latsopano la Lachisanu, kugonja. Inde, makochi ena amaphunzitsa ana kupambana, ine ndinali ndi silabasi yathunthu ya kugonja kwa a Bwezani. Panali ndandanda yobisika kuseri kwa kabati, ndipo mwana aliyense ankadziwa Loweruka lake. Malamulo anali okhwima. Usagonje msanga, amakwiya kuti wawapeputsa. Usapitirire ola, amayamba kugona. Akakudyera kanthu gwira mutu, usa moyo, yang'ana kudenga. Masewero akatha uwafunse kuti anaziwona bwanji zimenezi.

Mukuganiza kuti kugonja n'kophweka? Kagonjeni kwa munthu wosaona. Mwana ankasiya mfumukazi, chida champhamvu kuposa zonse, pakamwa penipeni pa bishopu wawo, iwo n'kukasuntha kamsilikali kumbali ina. Mwana ankatsokomola n'kuyang'anitsitsa mfumukazi ija, iwo n'kumuuza kuti akamwe mankhwala. Mtsikana wina anafika poigwira n'kunong'ona kuti mayo ine ndalakwitsa, a Bwezani n'kumumvera chisoni, koyamba m'moyo wawo, kuti bweza mwana wanga. Tinatuluka thukuta tsiku limenelo. Kuti madala aja akugonjetse unkayenera kuwatsekera njira zonse kupatula imodzi yolondola, ngati mmene amalowetsera nkhuku m'khola. Chodabwitsa n'chakuti ntchito imeneyi inanola ana anga kuposa mabuku. Mwana wotha kukakamiza a Bwezani kuti apambane, ana a sukulu zapamwamba ankawadya osatafuna.

Ndiye akapambana, abale inu. Ankayimirira, kukoka thalauza mpaka pamchombo, n'kuyamba ulaliki. Mwana wogonja ankamutcha mutu wa dzungu, kapena kumufunsa ngati bambo ake nawonso ali choncho. Dzina lake ankalilemba ndi choko pa bolodi lakuda limene pamwamba pake analembapo ndi penti yofiira kuti OGONJA. Buledi wogonja ankalandira womaliza, kachidutswa kakumapeto, kuti akaganize bwino. Nthawi zina ankakweza makasitomala, amisiri omanga nyumba ali ndi matumba a misomali m'manja, kuti adzaone mmene munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi akuphwanyira mwana wa sitandade folo. Ana ankaweramitsa mitu mwaulemu, mapewa akugwedezeka. Madala ankati akulira, ndipo zinkawasangalatsa. Ine ndinkadana nawo Loweruka lililonse, ndipo Loweruka lililonse ndinkamwa tiyi wawo.

Kenako kunabwera Kalumo. Mayi ake ankasita zovala pa malo ochapira a pafupi ndi depoti, bambo kunalibe. Anali kamtsikana kowonda, kosayankhula, kovala juzi yaikulu ya munthu wina. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa ankakucheka usakumva, umangozindikira wathera. Atatha chaka ine ndinasiya kusewera naye pamaso pa ana. Phunziro la Lachisanu ankadana nalo, ndipo anandifunsa kamodzi ngati si bodza limeneli. Ndinamuuza kuti ndi lendi. Anamvetsa, chifukwa mwana wa nyumba ya lendi mawu amenewo safuna kumasuliridwa. Anakhala wogonja waluso kuposa onse. Ankawayendetsa madala mphindi makumi anayi, kuwaopseza pang'ono, kuwasiya apume, kenako n'kuwaikira mapeto okongola oti ngakhale iwo sakanawaphonya. A Bwezani ankamukonda kwambiri. Ankati mwa mitu yonse ya maungu, uyu yekha ali ndi nthanga.

Kalumo ali ndi zaka khumi ndi zisanu, bungwe la tchesi linalengeza mpikisano waukulu wa mzinda, wa akulu ndi ana pamodzi, masewero asanu ndi awiri m'masiku awiri. Sukulu ina yogonera konko inalonjeza kuti mwana wosafika zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi amene adzapose ana onse idzamuphunzitsa zaka zinayi ulere. Kalumo mayeso anakhoza, koma mayi ake anali atanena kale kuti sekondale sangayikwanitse. Chaka chotsatira akanakhala atapyola msinkhu. Khomo linali limodzi lomweli, ndipo aliyense wodziwa tchesi mumzinda ankadziwa kuti ndi lake.

A Bwezani anapereka chikho. Izi zinali bwino. Koma Loweruka lina, atangomaliza kuphwanya mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, anandiuza kuti nawonso alembetsa. Anati ana angawa amagonjetsa mzinda wonse, iwo amagonjetsa ana angawa, ndiye masamu ake ndi osavuta. Ndinayesa kuwakumbutsa za kuthamanga kwa magazi. Ndinati mipando ya kumeneko ndi yolimba. Ndinati munthu wopereka chikho sapikisana, n'kupanda ulemu kwa chikho. Anandiyang'ana n'kundifunsa ngati pali china chimene ndikufuna kuwauza. Apo ndi pamene munthu wamtima akananena zoona. Ine ndinati ayi bwana, ndimangoopa kuti muwononga ana a eni.

Tsiku la mpikisano anatseka sitolo, chinthu chimene sanachite ngakhale pa ukwati wa mwana wawo. Anafika ku holo ndi suti yotuwa, akazi awo, ana awo aamuna awiri amene ankangoyang'ana mafoni, ndi antchito onse a m'sitolo pa lole yonyamula simenti. Woyimbira anamata pakhoma pepala la masewero oyamba. M'mipikisano yotere odziwika amayamba ndi osadziwika, ndipo makina ndi amene amasankha. Mwa anthu zana limodzi ndi makumi awiri, makina aja anaika a Bwezani ndi Kalumo tebulo limodzi.

Kalumo ndinamukokera pakhonde, pafupi ndi mpopi. Anali atawerenga kale pepala lija.

"A Kochi, lero si Loweruka la m'chipinda."

"Akazi awo alipo. Antchito awo alipo. Ukawagonjetsa pano, loko uja sadzachokanso."

"Nanga sukulu?"

"Atsala masewero asanu ndi limodzi. Iwe uwina onse, ndikukudziwa."

"Mukapanda kundidziwa bwino?"

Ndinamuuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndinamuwerengera ana makumi anayi, mayina awo, mpaka ka mng'ono wake komwe kamene kanali katangoyamba kumene. Ndinachita manyazi pomwe ndinkayankhula, koma pakamwa sipanasiye. Iye anangotsegula mpopi, kusamba m'manja, kupukutira pa juzi, n'kulowa.

Masewero amenewo sindidzawaiwala. Kalumo sanagwire mutu, sanause moyo, sanayang'ane kudenga. Anakhala mowongoka pampando n'kumapereka zida zake chimodzichimodzi. A Bwezani, chifukwa cha anthu, maso anachita chidima kuposa masiku onse. Anawapatsa hatchi, sanaione. Anawapatsa nsanja, anaizungulira. Akatswiri amene anamaliza msanga anayamba kusonkhana, kuyang'ana bolodi, kuyang'ana mtsikana, kenako kuyang'ana ine. Pomaliza Kalumo ananyamula mfumukazi yake n'kuiika kutsogolo kwenikweni kwa kamsilikali kawo, pafupi moti ikanatha kuwaluma chala. Madala anaganiza mphindi khumi. Kenako anaidya.

Atapambana anazungulira holo yonse kupereka moni wa dzanja, ngakhale kwa anthu amene anali pakati pa masewero. Antchito a pa lole anaimba mluzu mpaka woyimbira anawatulutsa.

Masewero achiwiri anawapatsa kamnyamata ka zaka zisanu ndi ziwiri kokhala pa mabuku awiri kuti kafikire tebulo, switi ili mkamwa. Pa kusuntha kwachinayi kanaika mfumukazi pafupi ndi mfumu yawo n'kutambasula dzanja. A Bwezani anagogoda bolodi ndi mphete n'kukauza kuti kabweze. Kamwanako kanaitana woyimbira n'kunena kuti agogowa akudwala. Achitatu anagonja kwa mayi wina amene ankaluka chipewa uku akusewera. Achinayi wotchi inawathera akufufuza magalasi amene anali pamphumi. Tsiku lachiwiri lole sinabwere, ana awo sanabwere, akazi awo anakhala m'galimoto. Anagonja onse asanu ndi limodzi, ndipo wotsiriza anali mdala wina wosamva amene anawapepesa mokweza holo yonse ikumva.

Kalumo anawina asanu, ndipo amodzi anafanana mphamvu ndi katswiri wamkulu wa mzinda, munthu amene sanafananepo ndi mwana. Sizinakwane. Mnyamata wina, mwana wa loya, anamuposa ndi theka la poyinti. Popeza chikho chinali chawo, a Bwezani ndi amene anakwera pansanja kukachipereka kwa mnyamatayo pamodzi ndi kalata ya sukulu. Potsika anamuona Kalumo, anamusisita mutu pamaso pa anthu n'kumuuza kuti ulendo wina azilimbikira, chifukwa munthu wogonja kwa nkhalamba sangayembekezere sukulu yaulere. Mayi ake anali ataima kumbuyo ndi diresi la kutchalitchi. Anamugwira mwana wawo dzanja n'kutuluka osandipatsa moni.

Kalumo sanakwerenso masitepe aja. Chipinda chinatsala, buledi ankabwera, ndandanda inapitirira. A Bwezani anaika pepala la masewero aja mu felemu n'kulipachika pansi pa chithunzi chawo. Za masewero ena asanu ndi limodzi ankati holo inali ndi mphepo yoipa. Koma ndinaona kuti ulaliki unafupika, ndipo nthawi zina akapambana ankaiwala kulemba dzina pa bolodi lakuda.

Chaka chitatha anagwa m'sitolo pakati pa mapaipi. Ndinakawaona kuchipatala nthawi ya masana, akazi awo atapita kukagula madzi. Munthu wamimba uja anali atatha, mphete inali pa chala chapakati kuti isagwe. Ndinayamba kuwauza kuti ana akuwasowa, kuti palibe wowapatsa mpikisano weniweni. Anandidula.

"Kochi, wandinamiza zaka khumi ndi ziwiri. Pumula."

Ndisanayankhe anapitiriza.

"Mfumukazi ija. Mphindi khumi zija ukuganiza ndinkawerenga chiyani? Ndinkadziwa kuti ndikaidya ndamudya mwana. Koma akazi anga anali kumbuyo kwanga."

Ndinati akanakugonjetsani mukanatseka chipinda. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwezi umodzi. Mwina iwiri. Ulendo woyamba uja ukuganiza unatsegula ndi iwe? Ndinatopa kukhala ndekha Loweruka. Ana anga akandiona amaona kiyi wa sefa ya ndalama. Ndikanapita kuti?"

Kenako anandiuza kuti ndine wamantha, kuti munthu wamantha sayenera kupatsidwa ana a eni, ndipo anandituma kuti ndiwakwezere pilo. Ndinawakwezera. Anamwalira Lachitatu lotsatira. Pamaliro ana makumi anayi anaima mzere, ndipo ena analira zenizeni, zimene zinandidabwitsa chifukwa zimenezo sindinawaphunzitse.

Ana awo aamuna sanachedwe. Milungu itatu isanathe tinapeza mabolodi athu m'makatoni pansi pa masitepe, ndipo antchito ankakweza matailosi m'chipinda chija. Wamkuluyo anandiuza mwaulemu kuti bambo anali ndi mtima wabwino koma bizinesi si tchalitchi. Pano timasewera pakhonde la laibulale, masiku amene kulibe mvula. Ana atsala khumi ndi atatu. Amasewera kuti awine basi, palibe wowatukwana, palibe wowatcha dzungu, palibenso buledi. Loweruka masana ndimadzipeza ndikumvetsera ngati kukubwera munthu wolemera wopuma mofoka, ndipo zimandikwiyitsa kuti ndimawasowa. Munthu woipa pakamwa uja ndi yekhayo mumzinda wonse amene ankadziwa mwana aliyense dzina, ngakhale kuti ankalidziwira kulilemba pa bolodi la ogonja.

Mwezi watha ndinalimba mtima n'kupita ku malo ochapira aja. Kalumo ndi amene amasita tsopano, mayi ake msana unawakana. Ndinamupeza pakati pa malaya a anthu a m'maofesi, nthunzi ili kumaso. Anandilandira mwaulemu n'kundipatsa mpando. Ndinamuuza za maliro, za matailosi, za khonde la laibulale, n'kumupempha kuti ngati angapeze mpata azibwera kudzathandiza ana. Zoti madala akanangotseka mwezi umodzi sindinamuuze, ndipo sindikuganiza kuti ndidzamuuza.

Anamvetsera osasiya kusita. Kenako anandifunsa kuti kuchokera tsiku la mpikisano lija chipindacho chinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinawerenga pa zala n'kumuuza kuti miyezi khumi ndi inayi.

"Sukulu ija inali ya zaka zinayi, a Kochi," anatero.

Anapinda malaya aja, n'kutenga ena pamulu, n'kundipempha kuti ndisunthe mpando pang'ono chifukwa ndinkamutchingira kuwala.